Tambala wa a Uladi

A Uladi atagwada n'kuonetsa tambala wofiira wonenepa, Blasius anameza malovu.

Chichokereni ku Nselema m'mawa, iye ndi Dona Hilda, mzungu wa ku mishoni wodzaona nyanja ya Chiuta, anali atangodya nthochi ndi mtedza. Donayo sankadya nyama, nsomba, ngakhale dzira. Pofuna ntchito yomasulira, Blasius anali atalumbira kuti nayenso ndi wamasamba okhaokha.

"Auzeni alendowa kuti ndiwo yawo ndi iyi," anatero a Uladi, mwini mudzi wa pagombepo. "Aione kaye, ndikazinge."

Mpeni unali kale pamwala. Kuseri mpunga unali kubwata.

"Akuti chiyani?" anafunsa dona.

Blasius anaganiza msanga. Kunena zoona, dona akana, a Uladi achita manyazi, tambala apulumuka. Koma akamunyamula wamoyo, njira ya ku Nselema ndi yaitali, ndipo nkhuku zimathawa.

"Akuti ndi mphatso yanu, Dona." Kenako anatembenukira kwa a Uladi. "Akuti akadyera kunyumba."

Anatambasula manja kuti alandire, koma dona anamutsogolera. Anafungatira tambalayo ngati khanda, akumusisita lipombo, misozi ili lengelenge.

"Uyu adzafa ndi ukalamba," anatero. "Ndipo ndikudziwa munthu mmodzi yekha amene ndingamukhulupirire naye."

Anayang'ana thumba la malaya a Blasius, mmene munali mtedza wake wotsiriza.

"Yamba pompano, Blasius. Ali ndi njala."