Mafuta odzola amene anachedwetsa Ilídio ku Tete

Panali munthu wina wa ku Tsangano, dzina lake Ilídio, amene anatsikira ku Tete mu 2011, malasha a ku Moatize atakoka anthu a mitundu yonse. Amene anandiuza akuti zinachitikadi. Anapeza ntchito pa laboratoriyo ina ku Matema, yoyeza madzi a m'zitsime zoyandikana ndi migodi. Kumudzi anasiya mkazi wake Nércia ali woyembekezera mwana wawo woyamba.

Tsiku lonyamuka, Nércia anaponya m'chikwama cha mwamuna wake botolo la mafuta ake odzola, lotsala theka. "Ku Tete kumatentha, manja angakuswekeni," anatero. Koma Ilídio sankadzola chifukwa cha khungu ayi. Akapaka m'manja n'kununkhiza, ankamva ngati Nércia wangodutsa kumbuyo kwake. Munthuyu ankamusowa mkazi wake mpaka kuonda.

Makina amene ankagwiritsa ntchito amalandira kadontho kamodzi m'kagalasi kakang'ono, n'kukasandutsa nthunzi. Gasi amakankha nthunziyo m'kachubu kopyapyala ngati ulusi, kotchedwa koluna, ndipo chilichonse chobisika m'madzimo chimaoneka pa kompyuta ngati kaphiri. Ukaikamo choyera, chopanda kanthu kalikonse, mzere wa pa kompyutapo umayenera kugona pansi.

Abwana anamulonjeza kuti zotsatira za zitsime makumi awiri zikangotuluka, apita kutchuthi kukadikira mwanayo. Zisanatuluke, kunalibe kupita.

Ndiye tsiku lina anaika choyera, timapiri n'kutuluka mbwee! Anabwereza, chimodzimodzi. Ndi makina onama chonchi, palibe chitsime chimene chikanayezedwa.

Dona Felizarda, mayi wa ku Mpadue amene anakalambira pa ntchitoyi, anayang'ana pa kompyuta n'kutembenuka.

"Ilídio, mwananga, makina awa amamva fungo kuposa galu. Sunadzole kanthu m'manjamo?"

"Ayi, Dona, sopo basi."

Bodza lenileni. Anachita manyazi: mwamuna wandevu anene kuti amadzola mafuta a mkazi?

"Chabwino. Koma kagalasi ako usakagwire ndi manja. Vala luvas, utenge ndi kopanira."

Iye anavomera ndi pakamwa pokha. Zovala za m'manjazo zinkamutulutsa thukuta ndi kutentha kwa ku Tete, ndipo mayiwo akangopita ku Moatize kukatunga madzi oyeza, ankazivula. Mumtima ankati, kamafuta kochepa chonchi kangasokoneze chimakina chonsechi?

Anayamba ndi kunamizira gasi, n'kusinthitsa botolo lonse. Anatenthetsa koluna tsiku lathunthu kuti zonyansa zichokemo. Kagalasi anasintha kasanu, ndipo nthawi iliyonse ankaika katsopano ndi zala zomwe zija zonunkhira Nércia. Pomaliza anauza abwana kuti koluna yatha, aitanitse ina ku Joni. Inatenga masabata atatu kuti ifike.

Nércia ankaimba foni. "Inu, miyendo yanditupa, masiku ayandikira. Mukubwera liti?"

"Sabata yamawa, osadandaula."

Mawu amenewa anawanena kanayi. Akadula foni, ankatsegula botolo la mafuta lija n'kudzolanso, misozi ili m'maso.

Koluna yatsopano inafika, anaimanga, timapiri tili pompo. M'mawa womwewo foni inalira: Nércia wachira, mwana wamwamuna. Ilídio anakhala pansi n'kugwira mutu.

Dona Felizarda anayandikira makinawo. Anavala luvas, anaika kagalasi katsopano ndi kopanira, n'kuyendetsa choyera. Mzere unagona pansi, osagwedezeka.

"Tsopano ika iwe, mmene umaikira ine kulibe."

Anaika ndi manja. Timapiri tonse tinabwerera. Mayiwo anagwira dzanja lake n'kulinunkhiza.

"Awa ndi mafuta a mkazi wako, eti? Mwananga, kusowa munthu si mlandu. Ukanandiuza tsiku lija, bwenzi pano uli kumudzi, mwana ali m'manja."

Zitsime makumi awiri zija zinkafunikabe kuyezedwa, ndipo zinamudyera masiku ena khumi ndi awiri. Pamene Ilídio ankatsika chapa, minibasi ya kwathu kuno, ku Tsangano, mwana anali atatuluka kale m'chikuta.

Nércia sanamukalipire. Anangomupatsa mwanayo n'kunena chapansipansi, "Chapa iliyonse ikaima, ndinkatuma anthu kukaona ngati ndi inu."

"Ndikhululukire, mkazi wanga. Ndabwera ndi dzina, ndinalisankha kalekale."

"Dzina anamupatsa kale amalume anu, poti inu kunalibe. Ndi Dikirani."

Phunziro: Wodziwa ntchito akakufunsa, yankha zoona ngakhale zikhale zochititsa manyazi, ndipo vuto likabuka yamba wayang'ana m'manja mwako usanaloze chala gasi ndi makina. Tumizirani nkhaniyi kwa onse amene akugwira ntchito kutali ndi kwawo, kuti wina asadzapeze mwana wake atatchulidwa kale dzina.