Tchuthi cha Mkamwini

Atangodutsa nyumba zomaliza za mzinda wa South Bend ku America, Chester anaimika kalavani m'mbali mwa msewu n'kuvula buluku. Analiponya pampando wapambali, natsala ndi kabudula wamkati yekha, miyendo ili mbuu ngati nsungwi zouma. Kenako anaponda mafuta kulunjika ku Indianapolis, akumwetulira ngati mkaidi amene amuiwala kunja kwa mpanda.

Ufulu umenewu anayamba kuulota tsiku limene apongozi ake, a Nazimbiri, anafika kuchokera ku Dedza kudzalera mdzukulu wawo, Tusekele. Mayiwa sanali aukali ayi. Vuto lawo linali ulemu. Mkamwini sankamuyang'ana kumaso, sankadya naye, ndipo kumulankhula mwachindunji kwa iwo kunali ngati kutukwana. Chester akalowa pabalaza, iwo ankazemba kuseri kwa chitseko n'kukhala zii kumeneko, ngakhale mpira wa pa TV utapita ku mapenate. Akafuna kunena kanthu, ankadikira munthu wapakati, makamaka mwana wawo Evelina, mkazi wa Chester.

"Evelina, uwauze bambo a Tusekele kuti mpopi ukudontha." Iwo ali apa, Chester ali apo, mpopiwo uli pakati pawo.

Tsono ulemu uli ngati chimfine, umapatsirana. Naye Chester anayamba kuyenda monyang'ama m'nyumba yake yomwe, atavala buluku ndi lamba ngakhale m'kutentha kwa Julaye. Mowa ankamwera m'galaja, ataimirira, ngati mwana wasukulu. Ntchito yake inali yosamalira okalamba. Kuntchito nkhalamba, kunyumba nkhalamba. Kusiyana kwake, za kuntchito zinkamuyankha moni.

Ndiye anapita ku Elkhart n'kugula kalavani yakale kwa mzungu wina wopuma pantchito: chigalimoto chokhala ndi khitchini, chimbudzi ndi bedi momwemo. Kwa mkazi wake anati dokotala wamuuza kuti BP yakwera, apumule. Azungulira dziko mwezi wathunthu, Tennessee, Texas, mpaka kumapiri a Arizona. Anadikira nkhondo, poti Evelina ndi namwino, ndipo BP ya mwamuna wake ankaidziwa kuposa mwini wake. Koma mkaziyo anangosuzumira m'galimotomo.

"Bedi lakumbuyoli lili ndi katani?"

"Katani alipo, wochindikala."

"Ndiye mwaganiza bwino, bambo. Munthu sangabwere ku America kudzangoona makoma."

Chester anagwedeza mutu mwachisoni, monga mwa munthu wodwala, mumtima akuvina. Akazi, anatero, ngakhale aphunzire chotani.

M'mawa wa ulendo anadzuka mochedwa n'kupeza Evelina atalongedza kale. "Zonse zofunika ndaika kumbuyo. Musasokoneze, mukaona mukafika." Apongozi sanatuluke kudzatsanzikana naye. Chodabwitsa panalibe, anayamba liti kutuluka?

Tsopano msewu unali tambalale, minda ya chimanga uku ndi uku, yosatha, yopanda ndi munthu mmodzi yemwe wogwira khasu. Chester anaimbira Shadrick, mnzake wa ku Beech Grove, m'mphepete mwa Indianapolis, amene ankamudikira ndi chikwama chaching'ono ndi makatoni akuluakulu a mowa. Foni anaiika pa sipika kuti manja azidiraiva.

"Achimwene, ndatuluka m'ndende! Ndikulankhula pano ndilibe buluku."

"Nanga agogo aja mwawasiya bwanji?"

"Kuseri kwa chitseko, kumene ndinawapeza. Mayi amene uja akadzamwalira sitidzadziwa, tidzangoti akupereka ulemu."

Shadrick anaseka mpaka foni inalira ngati wailesi yakutha mabatire. Chester, poona kuti wapeza omvera, anayamba sewero. Anatsanzira mayendedwe a apongozi ndi mapewa. Anatsanzira pemphero lawo la m'mamawa, lija lotchula mbuzi zonse za ku Dedza ndi mayina. Anamaliza ndi chifuwa chawo: "Khoo! Khoo! Hmmm, Ambuye."

Kumbuyo kunamveka kuti kwee. Galimoto yakale, anatero Chester, mzungu uja sananene zonse.

"Ndipo ukudziwa, ngakhale fungo la mankhwala awo opaka m'mawondo landitsatira. Evelina wachapira pamodzi mabulangete. Tikafika ku Tennessee ndikataya onse."

Pa Kokomo anagula nkhuku yokazinga osatsika m'galimoto, nadya akunyambita zala, akugeya mokweza monga mwini dziko. Anaimba nyimbo zonse zimene mkulu wa mpingo sayenera kuzidziwa, zina mobwereza. Analumbira kuti akabwerera, mayiwo adzakhala atatsala pang'ono kukwera ndege, ndipo iye adzawanyamulira yekha masutikesi, akulira misozi ya anyezi.

Dzuwa litapendeka anazungulira mzinda wa Indianapolis n'kuima pakhomo pa Shadrick. Analiza hutala katatu ngati basi ya ukwati. Shadrick anakwera atakumbatira katoni, nayang'ana miyendo ya mnzakeyo, nagwa nako kuseka.

"Mowawu ndiike kuti, bwana mkamwini?"

"Kumbuyo konseko n'kwathu. Palibe wotiwerengera mabotolo muno."

Kuseri kwa katani kunamveka chifuwa. Khoo. Khoo. Chenicheni.

"Shadrick mwanawe, wachita bwino kubwera, ndinasowa wotuma," anatero mawu odekha. "Uwathokozere bambo a Tusekele pondigulira galimoto yoonera dziko, Evelina wandiuza zonse. Uwauzenso avale buluku, ndikufuna kutuluka. Mwezi ndi wautali."