Dzina pa Pepala la Nyenyezi

Nsimbi inali itafunda kale pamene Amai Kathleen anaona dzinalo.

Pakhomo pawo ku Kabwata pepala lokulungira mphatso silitayidwa. Khirisimasi ikatha amamatula selotepi pang'onopang'ono n'kusunga mapepalawo kunsi kwa matiresi, ndipo Disembala akafika amawasita atayala chitenje pamwamba. Lero anali atatulutsa lofiira la nyenyezi, lokhalo lokwana nsapato za mdzukulu wawo Abby. Pakona, pakati pa nyenyezi, panali zolemba zawo za chaka chatha: "Jabulani, mwana wanga."

Jabulani, bambo ake a Abby, anamuika m'manda mu Julayi.

"Jubani chabe ka kona, Amai," anatero Pearl, mwana wawo wamkazi, akuwapatsira sizasi kuti adule dzinalo. "Abby aziba kubelenga manje. Azalila, Khirisimasi yonse izaonongeka."

Amai Kathleen analandira sizasiyo. Pafupi ndi dzinalo pepala linali long'ambika pang'ono. Jabulani sankatha kudikira potsegula mphatso, ngakhale atamera ndevu, ndipo chaka chilichonse iwo ankamumenya padzanja: "Iwe, osang'amba! Tizasebenzesa futi."

Anasisita pong'ambikapo ndi chala, kenaka anaika sizasi patebulo. Anatembenuza pepala lija, nyenyezi ndi dzina zikhale mkati, mbali yoyera kunja, n'kukhazikapo tinsapato tija. Anapinda makona onse anayi mosamala.

"Amai, mwapindamula pepala," anatero Pearl. "Izaoneka monga paselo ya ku chipatala."

"Naona."

"Nanga akasegula?"

"Azapeza atate bake mukati. Nipase selotepi."