Chikompyuta cha Nyani pa Chitsime cha Chule

Padangokhalatu, chaka china mvula itachedwa, Nyani adabwera kuchokera kutauni ndi chikompyuta chachikulu ngati nkhokwe. Adati chimaganiza kuposa mitu ya nyama zonse, ndipo chinena tsiku lodzala chimanga.

Chule, amene ankalosera mvula chaka ndi chaka popanda womuuza zikomo, adati, "Achimwene, bwanji tipikisane? Ine ndimaimva pakhungu."

"Pakhungu? Kodi bambo, sukulu mudalekezera sitandade chani?" adatero Nyani. Nyama zidaseka.

Tsono chikompyutacho chikamaganiza chinkatentha ngati ng'anjo, ndiye ankachiziziritsa ndi madzi a pachitsime pomwe Chule ankalerera ana ake. Njovu ankatunga, Nyani ankangodina mabatani. Chule ankaona madzi akutsika tsiku ndi tsiku, ana ake akuunjikana pakati.

Patatha sabata chidatulutsa pepala, Nyani n'kuwerenga mokweza: "Mvula ichedwa. Sungani madzi."

Nyama zidaomba m'manja. Chule adatola ana ake awiri otsala m'matope, n'kuwabereka.

"Tamva, aphunzitsi," adatero. "Tisunga matopewa."

Yanga nthano yathera pomwepa.