Chithunzi cha Sungani

Foni inalira Tikhala akusola nandolo pakhonde. Pa gulu la WhatsApp la anthu a ku Mbombwe, wina anali atatumizanso chithunzi chija: mlongo wake Sungani ali kwala pamsewu, njinga yake ya kabaza itapindika. Imfa yake anali ataimveranso pagulu lomwelo, pakati pa malonda a nkhuku ndi nthabwala za mpira.

Anadina n'kutulukamo. Anatulukanso m'magulu ena onse, kusiya la kwaya lokha.

"Nanga nkhani muzizimvera kuti, asisi?" anafunsa Angella, mnzake amene ankamuthandiza kusola.

"Wa uthenga wa maliro azifika pano, akhale pansi, andiuze pakamwa," anatero Tikhala. "Anthu onse amene anali pangozi ya Sungani paja anatulutsa mafoni. Panalibe ndi mmodzi yemwe womufunditsa chitenje."