Phazi la a Layisoni

Phazi la a Layisoni linakana polowera m'chigafa. Analiuza kuti tiye, koma linangokakamira pansi. Dzanja lawo linkanjenjemera pandodo, uku fodya wouma akununkhira m'katimo monga ankachitira iwo ali mnyamata.

Adokotala anawauza kuti muubongo muli timadzi totchedwa dopamini, tothandiza kuti uthenga ufike kumiyendo, ndipo mwa iwo tikuphwa. Iwo anangoganiza za chitsime cha kudimba mu Okutobala.

"Bambo a Comfort, mwaimanso?" anafunsa akazi awo, a Nankhoma, akutula mtolo wa fodya.

"Wandikananso mwendowu."

A Nankhoma sanawakoke. Anapukuta zikhatho pachitenje n'kuyamba kuwomba m'manja pang'onopang'ono, motsanzira ng'oma ya mganda.

A Layisoni anatsinzina, ndipo analiona bwalo la ku Kaomba, fumbi lili koboo. Anadziona ali kutsogolo kwa mzere, atavala kabudula woyera wosita ndi simbi yamakala. Anaonanso mtsikana wa duku lofiira amene anathyola manyazi n'kudzawapukuta thukuta anthu onse akuona. Mtsikanayo ndi yemweyu, lero imvi zili mbuu.

Phazi linanyamuka, linzake n'kutsatira. Mapewa nawo anayesa kugwedezeka.

"Musaleke, Nankhoma," ananong'ona.

"Ndinalekapo liti ine?"

Mayiwo ankabwerera chafutambuyo akuwombabe, ndipo awiriwo anadutsa pansi pa fodya yense mpaka kutulukira mbali ina ya chigafa.