Nkhono m'Manda a Fletcher

Lawson, mkulu wa adzukulu, anaima pakhomo pa siwa atanyamula mwala wophwatalala. Sikipa yake ya nyali, ya pa referendamu ija, inali fumbi lokhalokha.

"Mlamu, tatulukani pang'ono."

Molly anatuluka. Mwamuna wake Fletcher anamira ku Senga Bay mwera utagubuduza bwato, ndipo ndi Molly amene anakakamira kuti maliro abwere kumtunda kuno, kumene mafunde samveka.

"Tadutsa katondo, tadutsa mchenga," anatero Lawson. "Pansi pake tapeza izi. Mwala wake ndi wosanjikizana ngati mbale."

Analowetsa mpeni m'mbali mwa mwalawo, n'kuukanganula. M'kati mwake munali tinkhono toyera, tonga timene ana amatola kunyanja, koma titauma n'kusanduka mwala.

"Nkhono kumtunda kuno?" anafunsa Molly.

"Dzenje lonse. Ndiye kuti kalekale, anthu asanabwere, pano panali pansi pa nyanja. Mukakana, tikwiriramo thunthu la nthochi n'kukakumba pena. Koma ine ndikuona ngati mwalawu wayala mudzi wonse."

Molly anasisita kankhono kamodzi ndi chala. Kenaka anayang'ana kum'mawa. Madzi sankaoneka, koma mapesi a chimanga ndi mbuzi ziwiri basi.

Anabweza mwalawo m'manja mwa Lawson.

"Kumbani pomwepo, alamu," anatero. "Ine ndimayesa ndamulanda kwa nyanja. Kani inatsogola kudzamudikira."